Mlendo Ndiye Adza ndi Kalumo Kakuthwa: Za Khasu ndi Makala kwa Mlonyeni

Akuluakulu akale adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tanthauzo lake nlakuti mlandu ukakakamira pabwalo, nkhoswe zonse zitauma kukamwa, munthu wongodutsa m'njira angathe kuponyapo liwu limodzi limene limasula mfundo yonse. Ndi mwambi wolangiza eni mudzi kuti asanyoze nzeru pachifukwa chokhacho chakuti yachokera kutali. Komatu makolo omwewo ankadziwa kuti mwambi umodzi sugamula mlandu, nchifukwa chake adasiyanso wina wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Miyambi iwiriyi ili ngati ng'ombe ziwiri zokoka ngolo imodzi. Mudzi wogwiritsa woyamba wokha umameza chilichonse osatafuna, ndipo wogwiritsa wachiwiri wokha umakana ngakhale mankhwala. Kwa Mlonyeni, m'boma la Mchinji, alendo awiri aima pamphepete pa munda. Woyamba, amene wakhalitsa ndithu, akuti mlimi ataye khasu, aleke kuunga mizere. Wachiwiri ngwadzulodzuloli, ndipo akuti mlimi athire makala m'nthaka. Onse awiri akulonjeza nkhokwe yodzaza.

Alendowa sangamveke bwino munda umene aufikirawo usanadziwike. Anthu a Inkosi Mlonyeni ndi Angoni a mbumba ya Mpezeni, osakanizikana ndi Achewa amene adawapeza m'dzikomo. Malire a atsamunda adangodula banja limodzi pakati, mwakuti mpaka lero mwezi wa Febuluwale anthu amaoloka pa Mwami kukachita nawo Ncwala ku Mtenguleni. Nkhondo ya mu Januwale 1898, pamene asilikali a Angerezi adagonjetsa Mpezeni ndi kupha mwana wake Nsingo, idapita ndi ng'ombe zikwizikwi za Angoni. Pambuyo pake padadza msonkho, fodya ndi maulendo a ku Halale, ndipo m'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya adatenga malo aakulu m'bomalo. Anthu adachuluka, minda idachepa. Liwu lakuti tsala, kutanthauza munda wogonekedwa kuti upume zaka zingapo, ana asukulu ambiri a lero salidziwa nkomwe. Munda umene agogo ankaulima zaka zitatu kapena zinayi nkuusiya, tsopano wabala chimanga chaka ndi chaka kwa mibadwo iwiri, osapuma.

Chimene chakhala chikubisa kutopa kumeneku ndi feteleza. Mu 1998 kudabwera Starter Pack. Mu 2005 boma la Bingu wa Mutharika lidayambitsa makuponi. Mu 2020 ndondomeko ya AIP idayamba ndi thumba la K4,495, koma pofika 2022 thumba lomwelo lidali pa K15,000 kwa amene dzina lake lidatuluka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'masitolo idathawiratu, ndipo pofika 2025 thumba limodzi lidali litapitirira K100,000. Pakati pa zimenezi padagwa ng'amba ya 2024, imene idachititsa boma kulengeza mu Malichi chaka chimenecho kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi; kutsidya kwa malire, Zambia idali italengeza kale zomwezo. Amene adaona njala ya 2002 m'Mchinji safunika kuwafotokozera tanthauzo la nkhokwe yopanda kanthu. Palinso china chimene ogulitsa feteleza sakonda kunena. Urea ndi feteleza wina wanayitrojeni, akathiridwa chaka ndi chaka popanda manyowa, amaonjezera asidi m'nthaka pang'onopang'ono, kufikira thumba limene kale linkabweretsa matumba ambiri liyamba kubweretsa ochepa. Mlimi amati feteleza wa masiku ano ngwabodza, chonsecho nthawi zambiri imene yasintha ndi nthaka.

Tsono anthu ambiri, akamva za kuleka mizere, amayankha kuti sangasiye ulimi wa makolo. Yankho limeneli nlomveka, koma mbiri ikulitsutsa. Makolo a m'zaka za m'ma 1800, m'madera ambiri a dziko lino, sankaunga mizere yaitali yoyezedwa ndi chingwe. Ankatema mphanje, kuunjika nthambi ndi udzu, kutentha, kenaka kubzala paphulusa. Kapena ankakwirira zinyalala m'matutu ndi kubzala pamwamba pake chimanga, mapira, maungu ndi nyemba, zonse pamodzi. Nthaka ikafooka ankasunthira patsogolo, nkhalango nkutseka pambuyo pawo. Mizere yopingasa matsitso idabwera ndi Boma, ndipo idabwera ndi chikwapu. Lamulo loteteza zachilengedwe la 1946 lidapatsa akuluakulu a zaulimi mphamvu zokakamiza, ndipo itatha njala ya 1949, m'nthawi ya Bwanamkubwa Geoffrey Colby ndi mkulu wa zaulimi Richard Kettlewell, mphamvuzo zidagwiritsidwa ntchito mopanda chisoni. Wosaunga mizere pa nthawi yake ankalipitsidwa chindapusa, kuzulidwira mbewu, mwinanso kutsekeredwa m'ndende. Anthu adazitcha zimenezi malimidwe, ndipo liwulo lidasanduka lowawa m'kamwa. Ku Chigwa cha Shire mkanganowo umakumbukidwa ndi dzina lakuti nkhondo ya mitumbira. Mu 1953 Inkosi Gomani II, Philip Gomani wa ku Ntcheu, adauza anthu ake kuti asamvere malamulo a zaulimi pofuna kuonetsa kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma lidamuchotsa pampando, ndipo adamwalira chaka chotsatira.

Choncho mzere umene lero ukutetezedwa ngati mwambo wa makolo, agogo a alimi omwewa adapita nawo kundende poukana. Nanga udakhazikika bwanji? Chikwapu chitachoka, anthu adaona okha kuti mzere umaimitsa madzi pamalo otsetsereka, umakweza mizu pamwamba pa lowe chaka cha mvula yambiri, umakwirira udzu, ndipo fodya ndi mtedza zimaukonda. Kamuzu Banda, amene ankabwereza pamsonkhano uliwonse kuti chuma chili m'nthaka, adaulimbikitsa kudzera mwa alangizi, achikumbe ndi Apayoniya. Zomwezo zidachitika ndi kabzalidwe ka Sasakawa kamene kadafika cha m'ma 1998: mbewu imodzi paphando, mapando otalikirana masentimita 25, mizere yotalikirana masentimita 75. Poyamba anthu adakaseka, pajatu adazolowera mbewu zitatu paphando. Lero dzina la Mjapani uja likutchulidwa m'midzi ngati dzina la mbale. Kalumo ka mlendo kakameta bwino, kamasanduka ka pakhomo, ndipo adzukulu amaiwala kumene kadachokera.

Koma mzere uli ndi mtengo wake, ndipo masamu a Sitandade 6 ngokwanira kuuonetsa. Munda wa hekitala imodzi, mamita 100 mbali zonse, ukaungidwa mizere yotalikirana masentimita 75, umakhala ndi mizere 133. Itaikidwa motsatizana, mizereyo ingatalike makilomita 13, kuposa pang'ono mtunda wochoka pa Boma la Mchinji kukafika pa Mwami. Dothi lonselo banja limaligumula ndi kuliunganso pakhwawa chaka chilichonse, ndi khasu la m'manja, padzuwa la Okutobala, nthawi imene chakudya chayamba kuchepa m'nyumba. Nthakanso imalipira. Khasu limafika pamuyezo umodzimodzi chaka ndi chaka, mwakuti pansi pa mzere pamapangika dothi logogomezeka, lolimba ngati pabwalo lopunthira. Mizu ya chimanga ikafika pamenepo imapindikira m'mbali, ndipo madzi amvula, m'malo molowa pansi, amathamanga m'khwawa. Ndiponso dothi likatembenuzidwa, zowolerana zimene zimalipatsa mtundu wakuda ndi fungo la chonde zimakumana ndi mpweya ndi dzuwa nkutha msanga. Nchifukwa chake munda umene udali wakuda m'masiku a agogo, lero wayezuka ngati msewu.

Apa mpamene mlendo woyamba akulowera. Chiphunzitso chake chili ndi mafuwa atatu: kusagalauza nthaka koma kungoboola pobzala pokha, kuphimba munda ndi mapesi, ndi kusinthanitsa chimanga ndi mbewu za mtundu wa nyemba. M'chigawo chino cha Africa chidamera pa famu ina pafupi ndi Bindura ku Zimbabwe, kumene Brian Oldreive adachiyesa m'zaka za m'ma 1980. Ku Zambia bungwe la Conservation Farming Unit lidayamba mu 1996 kuphunzitsa kukumba maenje obzalamo osasuntha, okumbidwa m'chilimwe mpaka kuboola dothi logogomezeka lija. Ku Malawi chidafalitsidwa ndi Sasakawa Global 2000, kenaka Total LandCare ndi mabungwe ena ambiri. Koma amene adachitcha mtayakhasu sadafunse akuluakulu. M'dziko limene mkamwini ankayesedwa ndi kukula kwa ndime imene walima dzuwa lisanafike pamutu, limene mowa wa dima unkaitanira makasu a mudzi wonse m'munda umodzi, munthu wotaya khasu ali ndi dzina limodzi lokha, ndilo mlesi. Mayi amene munda wake wadzaza mapesi mu Novembala, pamene minda ya anzake yaungidwa mwaudongo, amayenda ndi manyazi popita kuchigayo. Dzina lina lija lakuti mleranthaka ndiye labwino, chifukwa kulera ndi ntchito yolemekezeka, ndipotu khasulo silitayidwa konse: limakumba maenje, limapalira, limakumba mtedza.

Nanga chimanga chimachuluka? Pamenepa nkofunika kulankhula mosakometsera. Mu 2015 akatswiri motsogozedwa ndi Cameron Pittelkow adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku woposa 600 wa m'maiko osiyanasiyana, napeza kuti kungoleka kugalauza pakokha, popanda kuphimbira ndi kasinthasintha, kumachepetsa zokolola. Phindu lidaoneka kumadera ouma, mafuwa onse atatu akakhalapo. Mu 2020 Marc Corbeels ndi anzake adachita chimodzimodzi ndi zotsatira za m'maiko 16 a kum'mwera kwa Sahara, ndipo adapeza kuti chimanga chimaonjezekera ndi pafupifupi 4 peresenti basi, kapena pafupifupi 8 peresenti pamene kuphimbira ndi kasinthasintha zatsatidwa. Kunena mwachimvekere, wokolola matumba 25 angayembekezere 26 kapena 27. Si nkhokwe ziwiri zimene ena amalalikira pa tsiku la chionetsero. Komabe si zachabe. M'minda yoyeserera imene Total LandCare ndi CIMMYT adaisamala kwa zaka zambiri m'maboma monga Nkhotakota ndi Balaka, kusiyana kudayamba kuoneka patapita nyengo zingapo, makamaka m'zaka za mvula yodukizaduka. Munda wophimbira umasunga chinyontho masiku angapo kuposa munda wambee, ndipo chaka ngati 2024, masiku angapo amenewo ndiwo amasiyanitsa chimanga chobereka ndi chofota pa nthawi ya ngaiyaye. Banja losaunga mizere limathanso kubzala ndi mvula yoyamba. Pajatu m'mera mpoyamba.

Nyerere za m'kati mwa mkuyu zilipo, ndipo amene amazibisa ndiwo apangitsa alimi ambiri kubwerera kumizere pulojekiti ikangotha. Zaka zoyamba udzu umamera mwaukali, popeza sukukwiriridwa. Wopanda ndalama ya mankhwala opha udzu amapalira kawiri kapena katatu kuposa kale, ndipo wopalirayo kawirikawiri ndi mayi ndi ana. Mapesi akamawola amayamba abwereka nayitrojeni wa m'nthaka, mwakuti chimanga chimachita chikasu ngati feteleza wachepa. Pamakande ndi m'mphepete mwa madambo, chaka cha mvula yambiri, munda wophimbira umachita lowe. Ndiponso mlimi wa ku Mchinji sakhalira chimanga chokha. Mtedza ndi fodya ndizo zimalipira fizi, ndipo mtedza sungatuluke m'nthaka popanda kukumba. Walira mvula walira matope, inde, koma mlangizi woona mtima amayamba watchula matopewo. Kugawa mbewu ndi mankhwala aulere kwa alimi otsogolera, kenaka kulemba lipoti lakuti mudzi wonse walandira chiphunzitso, ndi kudzinamiza. Anthu adalandira mphatso, ndipo mphatso itatha adatola makasu awo.

Koma vuto lalikulu koposa onse silili m'mabuku a zaulimi. Lili pabwalo la mfumu. Mapesi nga yani? Mwambo wa m'midzi umati chimanga chikachoka m'munda, mundawo ngwa aliyense kufikira mvula itagwa. Ng'ombe ndi mbuzi zimatayiridwa kuti zidye mapesi ndi masangwi. Anyamata osaka mbewa amayatsa moto kuti mauna aoneke, ndipo moto sudziwa malire a munda. Mlimi wa fodya amatuta mapesi kukatenthera mabedi a nazale. Mayi amatola ena kukakolezera pamafuwa, poti nkhuni zili kutali. Onsewa ali ndi zifukwa zomveka, ndipo mwambowo udali wabwino pamene malo adali ambiri. Koma mlimi mmodzi sangasunge mapesi m'mudzi umene mwambo wake ukuti mapesi alibe mwini. Akhoza kuwayala bwinobwino mu Juni, nkudzapeza phulusa mu Ogasiti, wopanda womuimba mlandu. Mutu umodzi susenza denga. Nkhani imeneyi ngya anyakwawa ndi magulupu, pansi pa Inkosi: kugwirizana malo odyetsera ziweto m'chilimwe, kulamula kuti mbuzi zikhale ndi mbusa chaka chonse, ndi kuika mbuzi kapena nkhuku ya chindapusa pa moto wolowa m'munda wa mwini. Mbewa zikhoza kukumbidwa popanda kutentha dziko lonse. Mabungwe amene amathera ndalama pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu akadachita bwino kuyamba ndi kukhala pansi pabwalo.

Mlendo wachiwiri akatchula dzina lake la biochar, amamveka ngati wochokera kutali zedi. Komatu ngwapachibale. Mayi aliyense amadziwa kuti dzungu lomera padzala, potayira phulusa, makala otsala pamafuwa, makoko ndi zinyenyeswa, limabereka kuposa la m'munda. Mlimi aliyense amadziwa kuti chimanga cha pabwinja, pamene padali mudzi kalekale, chimabiriwira mosiyana ngakhale papite zaka makumi angapo, ndipo akakumba amapeza dothi lakuda losakanizika ndi timakala ndi mapale. Ku Brazil, m'nkhalango ya Amazon, muli malo otere aakuluakulu otchedwa terra preta, kutanthauza nthaka yakuda, amene anthu akale adawasiya zaka mazana ambiri zapitazo, ndipo akadali achonde pakati pa nthaka yosauka. Katswiri wa ku Netherlands, Wim Sombroek, adawafotokoza m'buku lake la 1966, ndipo kuchokera pamenepo asayansi adayamba kufunsa ngati munthu angapange dala chimene mabwinja adapanga mwangozi. Biochar ndi makala basi, opangidwa kuchokera ku zitsononkho, makoko a mtedza, mitengo ya nandolo kapena zotsalira zina, oswedwa ndi kusakanizidwa m'dothi.

Wina angafunse kuti, ngati moto uli wabwino chotere, bwanji alangizi amaletsa kutentha mapesi? Yankho lili pa kusiyana kwa phulusa ndi khala. Mapesi akapsa poyera, mpweya uli wambiri, pafupifupi thupi lawo lonse limapita kumwamba ngati utsi, pamodzi ndi nayitrojeni. Chotsala ndi phulusa loyera lochepa, limene kamvuluvulu wa Seputembala amaliulutsa. Koma zinthu zikapsa mpweya uli woperewera, chimatsala ndi khala, ndipo khala lili ndi timabowo tosawerengeka tosaoneka ndi maso. Timabowoto timasunga madzi, chinthu chofunika kwambiri pamchenga. Timagwiranso mchere wina wa m'nthaka kuti usatsukike ndi mvula. Khala siliwola msanga ngati manyowa. Likhoza kukhala m'dothi zaka zambirimbiri. Chachikulu china nchakuti limachepetsa asidi. Amayi amene amatcheza chidulo kuchokera kuphulusa la zitsononkho kuti afewetse therere akudziwa kale mphamvu imeneyi, ngakhale saitchula ndi dzina la m'kalasi. M'nthaka ya asidi wambiri, aluminiyamu amasungunuka nkumapsereza nsonga za mizu, ndipo fosiforasi wa m'feteleza amamangika osafika kumbewu. Makala amamasula mfundo imeneyi monga amachitira laimu.

Umboni wapafupi uli kutsidya kwa malire. Gerard Cornelissen wa ku Norwegian Geotechnical Institute ndi anzake a ku Zambia adayesa makala m'maenje obzalamo chimanga pa malo asanu, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2013. Ku Kaoma, kumadzulo kwa dzikolo, kumene nthaka ndi mchenga wa asidi wosasunga madzi, matani 4 a makala a zitsononkho pa hekitala adabweretsa chimanga chochuluka kanayi ndi kupitirira poyerekeza ndi maenje opanda makala, onse atalandira feteleza. Nambala imeneyi ndiyo imayenda m'misonkhano. Imene siyenda ndi yakuti pa malo ena, a nthaka yabwinoko, kusiyana kudali kochepa kapena kudalibiretu. Kafukufuku wina wa 2017, wosonkhanitsa zotsatira za m'maiko ambiri, adapeza kuti kumaiko otentha makala amakweza zokolola ndi pafupifupi 25 peresenti, pamene kumaiko ozizira, a nthaka yopanda asidi wambiri, sathandiza kwenikweni. Choncho makala ndi mankhwala a nthenda inayake, osati a nthenda zonse. Kwa Mlonyeni kuli mchenga, kuli katondo, kuli makande a m'madambo, nthawi zina zonsezi m'mudzi umodzi. Wa pamchenga woyezuka, pamene kaufiti wamanga mudzi, ali ndi chifukwa chabwino choyesera. Wa pakatondo wonenepa asadabwe akapanda kuona kusintha.

Masamu abwerenso. Mlimi wokolola matumba 40 a chimanga pa hekitala, amene ndi matani 2, amatsala ndi zitsononkho zolemera makilogalamu 400 kapena 500. Zikaotchedwa bwino zimapereka makala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake, ndiye kuti makilogalamu 100 kapena kupitirira pang'ono. Kuti afike pa matani 4 a ku Kaoma aja, angafunike zitsononkho za zaka zoposa 30, ndiponso mayi wa pakhomopo asakolezere ngakhale chimodzi. Apa mpamene alendo awiri aja amapezeka kuti ngapaulendo umodzi. Makala omwazidwa m'munda wa mizere amasunthidwa ndi khasu chaka chilichonse nkumwazikana. Koma maenje a ku Zambia, otalikirana masentimita 70 m'mzere ndi 90 pakati pa mizere, amakwana pafupifupi 15,900 pa hekitala, ndipo amakhala pamalo omwewo chaka ndi chaka. Dzenje lililonse limafuna makala olemera kota ya kilogalamu. Makilogalamu 100 aja amakwanira maenje 400, kamunda ka mamita 10 m'lifupi ndi 25 m'litali. Nkochepa, koma makala saola, choncho chaka chamawa kamunda kena kamaonjezekera pambali pake, makamaka akaphatikizapo makoko a mtedza, amene ku Mchinji amangounjikana posendera. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha.

Chenjezo limodzi liyenera kunenedwa mokweza. Liwu lakuti makala m'dziko lino lili ndi mbiri yoipa. Nkhalango ya Dzalanyama idafika poti mu 2015 boma lidatumizako asilikali kukailondera kwa ootcha makala, ndipo mapiri a Mchinji, kumene mtsinje wa Bua umayambira, sakuoneka monga ankaonekera kale. Tsiku limene anthu adzamve kuti makala ndi chonde, ndipo wina nkuyamba kuwagula pa thumba, nkhwangwa idzalowa m'nkhalango ndi chifukwa chatsopano. Kudula msuku kapena muwanga kuti chimanga chikule kwa nyengo zingapo ndi kugulitsa chitsime pofuna kugula ndowa. Ndipo mapesi nawonso asaotchedwe makala, chifukwa ntchito yawo ndi kuphimba nthaka; mapanga awiri avumbwitsa. Makala a m'munda achokere ku zinthu zimene zilibe ntchito ina yoposa, kapena ku nthambi zosadzidwa za mitengo yobzala yokha monga gliricidia, imene akatswiri a pa Msekera ku Chipata adaiyesa kwa zaka zambiri m'minda ya chimanga.

Kapangidwe kake sikafuna chitsulo chochokera kunja. Njira imene Hans-Peter Schmidt ndi anzake a ku Switzerland adaifalitsa kuyambira 2014 ndi dzina lakuti Kon-Tiki imatheka ndi dzenje lokumbidwa pansi, lotambalala kumwamba ndi lopanikiza kunsi ngati mtondo. Moto umayatsidwa pansi pake, ndipo zitsononkho zouma zimaonjezedwa pang'onopang'ono. Phulusa loyera likangoyamba kuoneka pamwamba, amathirapo zina. Lawi la pamwamba limadya mpweya ndi utsi, za pansi nkumasanduka makala osanyeka. Dzenje likadzaza, moto umazimitsidwa ndi madzi kapena kukwiriridwa ndi dothi. Cholakwa chimene oyamba kumene amachita ndi kuthira makalawo m'munda ali okhaokha. Khala latsopano lili ngati nkhokwe yopanda kanthu: limayamba ladzaza lokha, ndipo mbewu imatha kuvutika nyengo yoyamba. Liyenera kuswedwa, kenaka kugonekedwa m'khola kuti limwe mkodzo ndi ndowe, kapena kusakanizidwa m'kompositi kwa masabata angapo. Alimi amene adazolowera kale kupanga manyowa a Mbeya, osakaniza feteleza pang'ono, ndowe, gaga ndi phulusa nkuzitsekera m'thumba masabata atatu, sangaone chachilendo pamenepa. Makala salowa m'malo mwa feteleza kapena manyowa. Ntchito yawo ndi kusunga chimene chathiridwacho kuti chisathawe.

Chigamulo chake tsono nchakuti alendo onse awiri alandiridwe, apatsidwe mpando, koma asapatsidwe munda wonse. Mlimi wa hekitala imodzi, amene ana ake amadya za m'munda momwemo, alibe malo ochitira juga. Apatule ndime zinayi zofanana pamalo amodzi: ina ya mizere monga mwa masiku onse, ina ya maenje ophimbira, ina ya maenje ophimbira ndi manyowa, ina ya maenje ophimbira ndi manyowa osakaniza makala. Mbewu ikhale imodzi, tsiku lobzala limodzi, feteleza wofanana. Pokolola ayeze ndi ndowa imodzimodzi, ndipo mwana wa sukulu alembe m'kope. Achite zimenezi nyengo zitatu zosachepera, chifukwa chaka chimodzi chimanama. Kuona maso a nkhono nkudekha. Alangizi a EPA ya Mlonyeni ali ndi udindo wothandiza kuti dothi la m'midzi lipimidwe asidi wake, pajatu malo ofufuzira za ulimi a Chitedze ali m'mbali mwa msewu womwewu wopita ku Lilongwe, ndipo mlimi wodziwa nthenda ya munda wake sataya mphamvu pa mankhwala olakwika. Mabungwe aleke kubisa nambala zosakoma. Mlimi amene adauzidwa kuti chaka choyamba udzu udzachuluka sakhumudwa udzuwo ukachulukadi.

Koma ndime zinayizo sizingafike Novembala ngati bwalo la mfumu silidagamule za mbuzi ndi moto. Bwalolo liyenera kuitanidwa mu Meyi, chimanga chikadali m'mikukwe, eni ng'ombe, alimi a fodya, amayi ndi anyamata a mbewa onse ali pomwepo, chifukwa pofika Ogasiti mapesi amakhala atapsa kale, ndipo zitsononkho zatha pamafuwa.